Nsomba za Amake Talandira

Thanki yagalasi ija inakwera mapiri a ku Mvera itakhala pa matiresi kumbuyo kwa galimoto, ngati mkwatibwi. A Elifala Kachigamba anayendetsa pang'onopang'ono kuchokera ku Salima, dzanja limodzi pa chiwongolero, lina likukodola maminibasi kuti adutse. Munthu amene anakokapo thiraki ya matayala makumi awiri ndi awiri kuchoka ku Durban mpaka ku Lubumbashi osagundako ngakhale nkhuku, tsiku limenelo anatuluka thukuta chifukwa cha tinsomba tisanu ndi tiwiri tili m'mapulasitiki a madzi.

Mudzi wonse unabwera kudzaona. Nanga n'kulekeranji? Nyumba ya a Elifala inali kale chionetsero: malata obiriwira, matailosi oterera moti agogo ankavula nsapato n'kuyenda atagwira khoma, mpanda wa njerwa zootcha. Zonsezo zinachokera m'manja mwa munthu amene anachoka pamudzipo ali ndi kabudula mmodzi ndi Sitandade 6. Tsopano pabalaza panaima bokosi lagalasi lotalika ngati bedi la mwana, pansi pake mchenga woyera ndi miyala, kapampu kakuphulitsa thovu, ndipo m'katimo munali moto woyenda: zinayi zachikasu ngati papaya lakupsa, zitatu zabuluu zamizeremizere.

"Uyu si usipa, anthuni!" anatero a Elifala, chifuwa patsogolo. "Izi ndi mbuna. Ku Durban, mu hotela ya nsanjika makumi atatu, azungu amaima pamzere kujambula zimenezi. Ku Dar es Salaam ndaziona, ku Windhoek ndaziona. Paliponse amalemba kuti zachokera ku Malawi, inu eni ake muli pano mukungodziwa ya m'poto basi."

A Dominiko, mlongo wawo wa malemu akazi a Elifala, anawerama n'kugunditsa mphuno pagalasi.

"Ndiye alamu, zikanenepa tidya liti?"

"Sizidyedwa izi."

"Nsomba yosadyedwa? Aaa, ndiye mwagula alendo. Azidya zanu, osalima, osatsanzika."

Anthu anafa ndi phwete, a Elifala nawonso anaseka koposa onse. Koma palibe amene anafunsa chifukwa chake thankiyo inaikidwa pakona yapazenera, moyang'anizana ndi makina osokera ophimbidwa ndi chitenje. Onse ankadziwa kuti makinawo anali a Iness, amake Talandira, ndipo kuti chitenjecho sichinachotsedwepo chichitikireni maliro.

Nkhani yake inali m'foni ya a Elifala. Zaka zinayi m'mbuyomo, ali ku Durban kuja, anajambula nsomba za mu hotela ija n'kutumizira akazi awo. Yankho linabwera la mawu, ndipo mawuwo analipobe: "Ee, abambo ake Tala, kukongola kwakeko! Kodi n'zamoyo? Mudzandibweretsereko ziwiri zokha, ndizidzaziyang'ana ndikamasoka. Koma inu ndi malonjezo anuwo..." Kenako kuseka, tambala akulira chapatali, makina n'kuyambanso kulira.

Iwo anayankha kuti, "Ziwiri n'chiyani? Ndidzakubweretserani nyanja yonse."

Nyanjayo inali pafupi, kungotsika mapiri, ulendo wa ola limodzi ndi pang'ono. A Elifala anadutsa maboda asanu ndi atatu, anaona nyanja ziwiri zamchere, koma Iness sanamutengereko ngakhale tsiku limodzi. Nthawi inali yambiri, ankatero. Kenako inafika mvula ya kolera ija. Foni inawapeza ali pamzere wa mathiraki pa boda ya Beitbridge. Maliro a kolera sagona: munthu amwalira m'mawa, masana a zaumoyo aika. A Elifala anathamanga masiku awiri osapuma n'kudzangopeza mulu wa dothi lofiira, mvula itaupsinja kale.

Analeka za mathiraki. Anakhala pakhomo ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, Talandira, mtsikana wa zaka makumi awiri ndi ziwiri, wamtali ngati amake, amene kale ankaseka mpaka kugwa pansi koma tsopano ankangoyankha kuti "Chabwino, ababa." Ndiye amene anadwazika amake mpaka mapeto. A Elifala sanamufunsepo za masiku amenewo. Ankamuuza za ku Johannesburg, za chipululu cha Namibia, za mikango imene inagona pansi pa thiraki yawo ku Hwange. Za masiku atatu a matenda m'nyumba yawo yomwe, ayi.

Wogulitsa nsomba ku Salima anali atawalangiza bwino lomwe: Loweruka lililonse muzichotsa madzi pang'ono, gawo limodzi mwa magawo anayi, n'kuthiramo atsopano. Choncho Loweruka loyamba Talandira anatunga ndowa ziwiri pamjigo, anaziika kukhitchini kwakanthawi monga ankachitira ndi madzi onse, kenako anazibweretsa pabalaza. A Elifala anathira okha, mwaulemu, kudzera pa mbale kuti mchenga usavunduke.

Lamulungu m'mawa, atamanga kale tayi, anapeza zachikasu ziwiri zikuyandama chagada.

"Kuzizira," anatero. "Nsomba za kunyanja izi. Kumapiri kuno mu Juni ngakhale ng'ona ikhoza kupempha bulangeti."

Lolemba anali ku Lilongwe. Anabwera ndi kachipangizo kotenthetsa madzi, sola ina yowonjezera, batire lalikulu loti magetsi akazima kapampu kasaime, ndi kagalasi koyezera kutentha. Munthu amene anayendetsapo nyama yozizira kudutsa Tete mu Okutobala osawolako ndi kilo imodzi sangagonje ndi mphepo ya ku Dowa. Madzi anafunda bwinobwino ngati a kunyanja kumene.

Loweruka anasintha madzi. Lamulungu yabuluu imodzi inali itapita.

Anati ndi chakudya, nayamba kuyeza ndi mutu wa machesi. Anaimbira wogulitsa uja, yemwe anati, "Bwana, ndiye kuti madzi akuda msanga. Muzisintha kawiri pa sabata." Anawonjezera Lachitatu. Sabata imeneyo zinafa ziwiri.

Chimene chinawasautsa a Elifala si kufako ayi, koma kafedwe kake. Nsomba ikayamba, inkasiya anzake n'kukwera pamwamba, kukamwa yasa, kutseka, yasa, kutseka, ngati munthu amene akupempha madzi akumwa ali m'kati mwa madzi. Mtundu wake unkazilala n'kukhala mbuu. Ndipo nthawi zonse inkakathera pakona imodzi, ya kumene kunali makina osokera. A Elifala anadziuza kuti n'chifukwa cha mmene kapampu kankakankhira madzi. Anakasuntha kapampuko. Yotsatira inakaferabe pomwepo, mutu utaloza chitenje.

Ankazikwirira okha pansi pa mtengo wa gwafa umene Iness anabzala, m'mamawa chifunga chisanachoke, kuti anthu opita kudimba asawaone. Chifunga cha kumapiri kuno chikatsika chimameza chilichonse: mpanda, nkhokwe, ngakhale dzanja lako ukalitambasula. Tsiku lina ali chogwada pamenepo anamva makina akulira m'nyumba, tyetyetyetye, kamphindi chabe. Anathamanga ndi dothi m'manja. Pabalaza panali zii, kapampu kokha kakuphulitsa thovu. Koma ngodya ya chitenje inali kugwedezeka, zenera lili lotseka.

Atayang'ana m'galasi la thanki anaona nkhope kumbuyo kwa phewa lawo, duku lomangidwa cham'mbali, maso aakulu.

"Ababa, madzi osamba apsa."

Anali Talandira.

Kutchalitchi amayi anayamba kuwapatsa moni wachisoni chachilendo. A Dominiko ndiwo sanabise. Anabwera Lachisanu masana, nakhala pa sofa miyendo ili tambalale, naona nsomba imodzi yokha imene inatsala, yabuluu yaikulu, itabisala kuseri kwa mwala.

"Alendo aja atsanzika, alamu?"

A Elifala sanaseke.

"Anthu akuyankhula," anapitiriza a Dominiko, mawu atatsika. "Akuti mlongo wanga akukana mphatso. Akuti anapempha ali moyo, mwabweretsa ali m'dothi. Ine sinditero ayi, ine ndimangomva."

"Zachikunja zimenezo! Ine ndayenda, alamu. Ndaona madokotala a nsomba ovala magolovesi. Chilichonse chili ndi chifukwa chake."

"Ndiye chifukwa chake n'chiyani?"

Pamenepo munthu wodziwa zonse uja anayang'ana chitenje, nayang'ana pansi. Mumtima mwawo anali atakhulupirira kalekale zimene anthuwo ankanong'ona. Iness sanali munthu wokalipa. Akakwiya ankangobweza mbale ya ndiwo mwakachetechete, osanena kanthu. Tsopano ankabweza nsomba, imodzi imodzi.

"Mawa ndisintha madzi komaliza," anatero. "Iyi ikafa, ndiye kuti sakundifuna m'nyumba muno. Galasili ndiswa, makiyi ndisiyira inu. Kuli mnzanga ku Walvis Bay amene akundiitana kuyambira chaka chatha. Pamsewu palibe amene amandibwezera kanthu."

"Nanga mwanayu?"

"Ndinu atsibweni ake. Ndi wa kwanu."

Kukhitchini kunagwa chikho. Palibe amene anatuluka.

Loweruka linacha ndi mwera wolowa m'mafupa. A Dominiko analawirira, akuti kudzaperekeza mlendo womaliza, koma aliyense akanaona kuti sanagone bwino. Anapempha madzi otsukira m'kamwa. Talandira anabweretsa m'kapu, nagwada, nabwerera kukhitchini. A Dominiko anamwa pang'ono n'kukalavula pakhonde.

"Pepani alamu, koma madzi a panyumba panu ine amandikanika. Amanunkha chipatala. Munthu ukamwa umangodikira kuti nesi akuitane dzina."

Mawu amenewo a Dominiko anali atawanenapo kangapo, ndipo a Elifala ankawatenga ngati chipongwe cha pachilamu, nsanje ya matailosi. Iwo mphuno zawo zinafa kale ndi Kovidi ku Johannesburg: dizilo, fodya wa m'chigafa, nyama yowotcha, zonse zinali mphepo chabe. Koma m'mawa umenewo mawuwo anakakhala penapake. Chipatala. Anakumbukira madamu osambiramo a m'mahotela a ku Durban, madzi abuluu oyera mbee, m'mene simunkakhala ngakhale kambululu.

A Elifala anadzuka, nazungulira kuseri.

Chitseko cha khitchini chinali chotsegula pang'ono. Talandira anali atagwada pakati pa ndowa ziwiri za nsomba, m'dzanja muli botolo lopanda chizindikiro, la mankhwala a kolorini aja amene alangizi a zaumoyo amagawa kuti anthu azithira m'madzi akumwa. Ankathira m'kachitsekero, n'kukhuthulira mu ndowa. Milomo yake inkayenda. Kamodzi. Kawiri. Katatu. Kanayi. Mu ndowa imene imafuna kachitsekero kamodzi.

"Talandira!"

Botolo linagwa n'kugubuduka.

"Ukuthira chiyani m'madzi a nsomba zanga?"

"Mankhwala, ababa."

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira tsiku loyamba." Anayankha modabwa, ngati afunsidwa ngati amathira mchere mu ndiwo. "Madzi onse olowa m'nyumba muno ndimathira. Akumwa, otsukira mbale, osamba, okolopera. Onse."

"Kanayi?"

"Poyamba ndinkathira kamodzi. Zitafa ziwiri zija ndinati ndiye kuti m'madzimo muli tizilombo tamphamvu, ndinawonjezera. Itafa ina ndinawonjezeranso. Dzulo ndinamva zimene munauza atsibweni. Ndinati lero ndithire kwambiri, kuti iyi yokha isafe, musapite."

A Elifala anatsegula pakamwa. Mawu anali okonzeka, aakuluakulu, a munthu amene anakalipirapo apolisi a m'misewu m'zilankhulo zisanu: umbuli, kusafunsa, kupha zinthu zodula. Koma anaona manja a mwanayo. Anali osupuka, oyera m'mizere, khungu la m'zala litang'ambika. Chaka ndi theka akudya chakudya chochokera m'manja amenewo, anali asanawayang'anepo.

"Mankhwalawa amapha nsomba, mwana wanga," anatero motsitsa. "Kwa ife ndi moyo. Kwa izo ndi moto, amaziotcha mopumira."

Talandira anayang'ana ndowa, nayang'ana atate ake. Nkhope inachita ngati ikuphwasuka pang'onopang'ono.

"Ndiye kuti ndazipha ndine."

"Sunadziwe."

"Ndaphanso ndine." Anakhala pansi pa simenti, manja ali pamutu. "Ababa, madzi aja ndinatunga ndine. Mjigo unathyoka sabata ija. Amayi anati tidikire akonze, tizimwa a mvula a mu diramu. Diramu litatha ine ndinachita ulesi kupita ku mjigo wa kusukulu, kutali, mvula ikugwa. Ndinatsikira kudambo. Ndinawauza kuti ndatunga kusukulu. Anamwa akusoka, anati, 'Madzi a lero akukoma dothi.' Ndinaseka, ababa. Ine ndinaseka."

Kunja mwera unkakankha chitseko. A Dominiko anali ataima pakhomo, chipewa chili m'manja.

"Anthu akuti amayi akukana nsomba zanu," anapitiriza Talandira. "Ine ndinkadziwa kuti si inu. Ndinkati akukana madzi anga. Chilichonse chimene ndatungira ine chimafa."

A Elifala anatsika pang'onopang'ono, mawondo akulira, mpaka anakhala pa simenti yonyowayo ndi buluku la ku Durban. M'nyumba imodzi, anthu awiri, aliyense akuganiza kuti malemu akulozera iye, ndipo aliyense akubisira mnzake.

"Alamu," anatero osatembenuka, "kodi ndi ndani anaima pa ukwati wa mng'ono wanu Stephano, anthu mazana atatu akumva, n'kunena kuti chaka chisanathe akumba mjigo wakewake pakhomo pano, mkazi wake asadzasenzenso ndowa?"

A Dominiko anakhosomola. "Ndinu, alamu."

"Papita zaka zingati?"

"Khumi ndi chimodzi."

"Wamva, Tala? Ndowa ija unasenza ndiwe, koma amene anakutuma kudambo ndi ine. Ndinagula matailosi. Matailosi amaoneka anthu akabwera." Anapukuta kumaso ndi chikhatho. "Amako anadwala nthenda imene inadwalitsa dziko lonse mvula imeneyo. Sindikudziwa ngati inalowera m'ndowa yako, kapena pa tomato wa kumsika, kapena pa moni wa kumaliro. Iwenso sukudziwa. Koma ngati pali mlandu, tigawana. Sungausenze wekha, walemedwa nawo mokwanira."

Talandira analira kulira kumene sanalire pa maliro, popeza pa maliro a kolera panalibe nthawi. A Elifala anangomugwira dzanja losupukalo.

Amene anawadzutsa ndi a Dominiko.

"Pepani, koma mlendo uja wakwera pamwamba. Wayamba kuyasamula."

Nsombayo inali itadwala kale ndi madzi a Lachitatu. Inali pakona paja, pafupi ndi makina, kukamwa yasa, kutseka, mizere yake itazilala.

Anthu a pamjigo m'mawa umenewo ali ndi nkhani yoti adzafotokozere zidzukulu: a Elifala Kachigamba, a nyumba ya malata obiriwira, akutuluka m'chifunga mothamanga, ndowa zatsopano ziwiri m'manja, buluku lonyowa kumbuyo, akupempha amayi kuti awapatseko malo pamzere.

"Kodi abambo, ku Durban amuna amatunganso?" anafunsa mayi wina.

"Ku Durban madzi amakutsata okha kuchipinda, mayi. Kuno ndi kumene ndikuphunzira. Tapopani, ndikukupemphani!"

Madzi a pansi panthaka m'mawa wozizira amatuluka ofunda, akufuka nthunzi. Anafika nawo pabalaza theka litatayikira m'njira. Anachotsa madzi akale ndi kapaipi, ochuluka kuposa masiku onse. Kenako anatenga jagi, naitunga, naipereka kwa Talandira.

Mtsikanayo anabweza manja kumbuyo.

"Ayi, ababa. Ndi osathira."

"Ndi osathira, inde. Akumwa ife uzithirabe, kachitsekero kamodzi monga anakuuzira alangizi, ndipo ine ndizimwa. Koma awa thira ndiwe."

"Ikafa?"

"Ikafa yafa ndi zimene zinachitika kale. Tikaikwirira limodzi pa gwafa paja, masana, anthu akuona. Ku Walvis Bay sindipita."

Anailandira jagiyo ndi manja awiri. Madzi ena anadumphira pa matailosi. Anathira pa mbale paja pang'onopang'ono, maso ali tsinzini, ngati munthu amene akuyembekezera kulira kwa mfuti. Jagi yachiwiri anathira akuyang'ana. Yachisanu dzanja linali litakhazikika.

Anakoka mipando n'kukhala. Nsomba inakhalabe pamwamba paja, ikuyasamula. A Elifala anatulutsa foni, naiyang'ana nthawi yaitali, naiika pa makina osokera. Mawu a Iness anadzaza pabalaza: kukongola kwakeko, kodi n'zamoyo, ziwiri zokha, koma inu ndi malonjezo anuwo. Kuseka kuja. Tambala uja. Talandira anali asanawamvepo. Anagwira pakamwa, kenako anati, "Ikaninso."

Atatha kachitatu a Elifala anazimitsa.

"Tsopano undiuze," anatero. "Kuyambira tsiku loyamba. Anati chiyani, anagona pati, anandifunsa kapena ayi. Usadumphe kanthu, ngakhale zondipweteka."

Talandira anayamba. A Dominiko anatuluka mwakachetechete n'kukakhala pakhonde. Chifunga chinayamba kukwera kubwerera kumapiri, dzuwa lofooka linalowa pazenera n'kugwera m'madzi. Nkhani ili pakati, pamene Iness anali pa machira a njinga akupita kuchipatala akuuza mwana wake kuti asaiwale kuanula zovala, nsomba ija inatseka pakamwa. Inapendekera mbali imodzi. Onse awiri anasiya kupuma.

Kenako inagwedeza chipsepse, inatembenuka kusiya kona ija, n'kutsika pang'onopang'ono mpaka pamchenga. Inatola kamwala, inakalavula, inatolanso kena.

"Pitiriza, mwana wanga," ananong'ona a Elifala.

M'galasimo munkaoneka nkhope ziwiri zoyandikana, ndipo kumbuyo kwake chitenje chija. Ngodya yake inagwedezeka kamodzi, zenera lili lotseka. Onse awiri anaona. Palibe amene anatembenuka.